Mapu opinda a Zambezi: amawadziwa madzi, koma anthu amangowalambalala

Mapu omwe ndikuwafotokoza pano ndi a mtsinje umodzi wokha, Zambezi, kuyambira pagwero lake kufikira pamene umathira m'nyanja ya mchere ya Indian Ocean. Anasindikizidwa mbali zonse ziwiri pa pepala lolimba losalowa madzi, ndipo ngakhale akapindidwa amakwana m'thumba la jekete, akatambasulidwa amadzaza tebulo lalitali mpaka nsonga zake kulendewera. Ndakhala nawo kwa miyezi isanu ndi umodzi tsopano, ndipo m'nthawi imeneyi ndawapachika pakhoma, ndawatsitsa, ndawayala pansi ndi kuwagwadira, ndipo maganizo anga pa iwo asintha kawiri. Poyamba ndinakopeka ndi kukongola kwake, kenaka ndinakwiya nawo, ndipo lero ndimawagwiritsa ntchito monga momwe munthu amagwiritsira ntchito khasu lomwe akudziwa kuti mpini wake ndi wokhota.

Chinthu chabwino koposa pa mapuwa sichili pakati pomwe maso amathamangira, koma m'munsi mwenimweni, pamene anajambula mzere wosonyeza kutsika kwa mtsinjewu kuchokera kumtunda kufikira kunyanja. Mzerewu umayambira pa mamita pafupifupi 1,500 pamwamba pa nyanja, ndipo sutsika mwapang'onopang'ono monga momwe ambiri timaganizira za mitsinje, koma umatsika ngati makwerero. Pali mtunda wautali womwe umangoyenda chogona, kenaka umagwa mwadzidzidzi pa mathithi a Victoria ndi m'mpata wa Batoka, umagonanso pa nyanja ya Kariba, umatsika pang'ono, umagona pa Cahora Bassa, ndipo ukadutsa Tete umangokwawa mpaka kunyanja. Munthu akayang'ana mzere umenewu kwa mphindi zochepa amamvetsa chifukwa chake Zambezi, ngakhale ndi mtsinje wachinayi kutalika mu Africa pambuyo pa Nile, Congo ndi Niger, sunakhalepo msewu umodzi wa mabwato ochokera kunyanja kukafika kumtunda. Amamvetsanso chifukwa chake madamu awiri akuluakulu, la Kariba ndi la Cahora Bassa, anamangidwa pamene anamangidwapo. Amene anaganiza zoika mzerewu, ndi kuulumikiza ndi matauni a pamwamba pake pogwiritsa ntchito timizere toimirira, ayenera kuti ndi munthu amene anaphunzitsapo ana ndipo anaona pamene iwo amasokonekera.

Za gwero sindichedwapo, chifukwa mapuwa anachita zoyenera. Analiika m'boma la Ikelenge, kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, kufupi ndi malire a dziko la Congo, ndipo anasonyeza ndi mzere wa timadontho chitunda cholekanitsa madzi opita ku mtsinje wa Congo ndi madzi obwera ku Zambezi. Mtsinjewu umatuluka m'Zambia ndi kulowa m'Angola, umadutsa pa Cazombo, n'kubwereranso m'Zambia cha pa Chavuma, ndipo chigawo cha ku Angola chimenechi, chomwe mapu ambiri amachisiya choyera ngati kulibe kanthu, pano anachidzaza ndi timitsinje take. Kutalika kwa mtsinje wonse analemba makilomita 2,574, nambala yomwe imapezeka kawirikawiri, ngakhale ena amalemba 2,700. Ndinayesa kulondola mtsinjewu ndi ulusi wonyowa, kuukhotetsa m'makhwawa onse, kenaka n'kuuyeza pa sikelo ya mapuwo, ndipo ndinapeza nambala yocheperapo. Sindikuwaimba mlandu pamenepa, pakuti ulusi sungalowe m'timakhotakhota tonse tomwe madzi amalowamo, ndipo chiyeso chomwecho ndi njira yabwino yoonetsera munthu chifukwa chake akatswiri amasiyana pa kutalika kwa mitsinje.

Pa chigwa cha Barotse ndi pamene mapuwa amaonetsa luso lawo lenileni. Anagwiritsa ntchito mitundu iwiri ya buluu: wakuda wosonyeza njira ya madzi m'chilimwe, ndi wotuwa wosonyeza pomwe madzi amafika akasefukira. M'chigwa chimenechi, chomwe ndi chotalika makilomita opitirira 200, buluu wotuwayo amatambalala mpaka mtsinje weniweniwo kuoneka ngati kamtsempha kakang'ono pakati pa tsamba. Mwana wina yemwe ndinkamuonetsa mapuwa anaika chala pa Mongu n'kufunsa kuti bwanji tauni yaikulu ya chigawo chonsecho sili m'mphepete mwa mtsinje. Sindinamuyankhe, ndinangomuuza kuti alondole m'mphepete mwa buluu wotuwayo. Chala chake chinadutsa pa Limulunga, pa Mongu, n'kutsikira ku Senanga, ndipo anaona yekha kuti matauniwo andanda pamtunda wa kum'mawa, pamene madzi osefukira amalekezera. Mongu ali m'mphepete mwa mtsinje ndithu, koma mtsinje wake ndi wa mwezi wa Epulo, osati wa Okutobala. Lealui, likulu la Litunga wa Alozi, ali m'kati mwa chigwacho, ndipo n'chifukwa chake mfumuyo imasamukira ku Limulunga pa bwato madzi akakwera, ulendo womwe umadziwika ndi dzina loti Kuomboka. Midzi ya m'chigwamo imakhala pa zitunda zomwe zimasanduka zilumba nthawi ya madzi ambiri, ndipo mapuwa anaika timadontho ta bulauni tosonyeza zina mwa izo. Anaikanso msewu wa Mongu kupita ku Kalabo, womwe unatha kumangidwa mu 2016 ndipo umadutsa chigwacho pamwamba pa dothi lounjikidwa ndi milatho yambiri. Mapu onse akanakhala ngati chigawo chimenechi, bwenzi ndilibe chodandaula.

Kutsika ndi mtsinje kudutsa mathithi a Ngonye, chifukwa chokhalira matauni chimasintha, ndipo munthu wowerenga mosamala amachiona. Pano tauni imabadwa pamene anthu amaolokera. Sesheke ndi Katima Mulilo akuyang'anizana, wina ku Zambia wina ku Namibia, ndipo mlatho wowalumikiza unatsegulidwa mu 2004. Pa Kazungula, pamene mtsinje wa Chobe umathira m'Zambezi, okonza mapuwa anachita bwino kuika kachithunzi kokulitsidwa pambali, chifukwa pa sikelo ya mapu onsewo malire a Zambia, Botswana, Namibia ndi Zimbabwe akanaoneka ngati akumana pa kadontho kamodzi. Zoona zake n'zakuti Zambia ndi Botswana amagundana pa kamtunda ka mamita pafupifupi 150 okha, ndipo mlatho wa mamita 923 womwe unatsegulidwa mu Meyi 2021 kulowa m'malo mwa pantoni unamangidwa mokhota kuti usaponde madzi a maiko awiri enawo. Kukhota kumeneko kumaoneka bwino pa kachithunziko.

Pa mathithi a Victoria anaika maina onse awiri, la Chingerezi ndi la Mosi-oa-Tunya, pamodzi ndi miyeso yake, mamita 1,708 m'lifupi ndi mamita 108 pamene ndi pakuya kwambiri. Chomwe anasiya ndi Old Drift, doko lakale la kumtunda kwa mathithiwo, pamene azungu oyamba anamanga nyumba zawo m'mphepete mwa madzi n'kumafa ndi malungo, mpaka anasamukira pamtunda pomwe lero pali tauni ya Livingstone. Kusamuka kumeneku kunachitika nthawi yomwe mlatho wa njanji wa 1905 unachotsa ntchito ya doko lija, ndipo tauni yatsopanoyo inakhala likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 mpaka 1935 pamene boma linapita ku Lusaka. Kadontho kamodzi kolembedwa Old Drift kakanafotokoza chifukwa chake Livingstone ali pamtunda wa makilomita angapo kuchokera ku mathithi omwe amamudyetsa. Apa ndi pomwe ndinayamba kukayikira kuti okonza mapuwa amaona tauni ngati dzina loti liikidwe pambali pa mtsinje, osati ngati chinthu chomwe mtsinjewo unachikankha kapena kuchikoka.

Kukayikira kumeneko kunasanduka mkwiyo pa Kariba. Nyanjayi anaijambula mokongola, ndi zilumba zake ndi timagombe take tonse, ndipo pambali anaika bokosi lofotokoza khoma la damu: kuti linamangidwa pakati pa 1955 ndi 1959, kuti ndi lalitali mamita 128, kuti magetsi ake amapangidwira mbali zonse ziwiri, ya Zambia ndi ya Zimbabwe. Anatchulanso ntchito yopulumutsa nyama zomwe zinatsekeredwa pa zilumba madzi akukwera, yomwe inkatchedwa Operation Noah, ndipo anajambulapo kachipembere. Koma za anthu pafupifupi 57,000 a mtundu wa Atonga omwe anasamutsidwa m'chigwa cha Gwembe kuti nyanjayi ipeze malo, bokosilo silinenapo kanthu. M'kati mwa buluu wa nyanjayo mulibe ngakhale mzere wa timadontho wosonyeza pomwe mtsinje wakale unkadutsa, mzere womwe mapu ambiri a madamu amakhala nawo, ndipo womwe pano ukanathandizanso kumvetsa malire a maiko awiriwo. Chotsatira chake n'chakuti munthu wosadziwa mbiri amaona Siavonga, Kariba, Sinazongwe ndi Binga n'kuganiza kuti ndi midzi yakale ya asodzi yomwe inamera m'mphepete mwa nyanja yachilengedwe, pamene matauni amenewa anamangidwa kapena kukula chifukwa cha damulo. Anthu a m'chigwacho ankalima m'mphepete mwa mtsinje pa dothi lomwe madzi osefukira ankasiya chaka ndi chaka, ndipo ankatha kukolola kawiri. Atasamutsidwa, ambiri anapezeka pamtunda wouma wodalira mvula yokha, achibale ena tsidya lino ena tsidya lija la nyanja yomwe sakanatha kuioloka ndi bwato la mtengo. Mapu omwe pachikuto pake analemba kuti ndi a mtsinje ndi anthu okhala m'mbali mwake sangapeze malo a chipembere n'kusowa malo a mudzi.

Ndinatenga cholembera cha inki yofufutika n'kujambula ndekha njira yakale ya mtsinje pakati pa nyanjayo, mongoyerekeza potsata mzere wa malire, ndipo pepalali limalola zimenezi chifukwa ndi loterera. Tsoka lake, mpindo waukulu wa mapuwa umadutsa pa Kariba pomwepo, ndipo patangotha miyezi itatu utoto unayamba kukanuka pa mpindowo, moti lero dzina la Binga latsala zilembo zitatu. Pepala silinang'ambike, koma utoto wake supirira kupindidwa kawirikawiri, ndipo amene akufuna kuti mapuwa akhalitse ndi bwino kuwakulunga ngati mphasa m'malo mowapinda.

Kuchokera pa khoma la Kariba kufikira malire a Mozambique mapuwa ndi olondola ndipo sasangalatsa kapena kukhumudwitsa. Chirundu alipo ndi milatho yake iwiri, wa 1939 ndi wa 2002. Kafue amathira kunsi kwake pang'ono. Malo osungirako nyama a Mana Pools ndi Lower Zambezi akuyang'anizana, ndipo kusowa kwa matauni pa chigawo chimenechi kumaoneka kokha popanda wina kukulozera. Pamene Luangwa amakumana ndi Zambezi anaika timatauni titatu ta maiko atatu, Luangwa wa ku Zambia, Zumbo wa ku Mozambique ndi Kanyemba wa ku Zimbabwe, ndipo ndinakondwa kuona kuti pansi pa dzina la Luangwa analemba dzina lake lakale, Feira, lochokera ku mawu a Chipwitikizi otanthauza msika. Dzina limenelo palokha likunena kuti malonda a Apwitikizi ochokera kunyanja ankafika mpaka kuno.

Mapuwa amatembenuzidwa pa Cahora Bassa, ndipo mbali yachiwiriyi ikuoneka kuti inakonzedwa mothamanga. Damulo analifotokoza mokwanira: khoma la mamita 171, madzi anayamba kudzaza kumapeto kwa 1974, tauni ya Songo pamwamba pa mapiri, ndi nthambo za magetsi zopita ku South Africa. Koma monga zinalili pa Kariba, zomwe zili pansi pa madzi sanazitchule, ngakhale kuti m'mpata umenewu munali mathithi a miyala omwe mu 1858 anaimitsa sitima ya David Livingstone n'kupha maloto ake oti Zambezi akhale njira ya malonda yolowera pakati pa Africa. Atalephera pamenepo ndi pomwe anatembenukira ku mtsinje wa Shire n'kukafika ku nyanja ya Malawi mu 1859. Mzere wa makwerero uja wa m'munsi umasonyeza kugwa kwa mtsinje pa malo amenewa momveka bwino, kotero umboni ulipo pa pepala lomwelo, kungoti palibe anaulumikiza ndi nkhani yake.

Tete ndi Sena, omwe ali m'gulu la matauni akale kwambiri pa mtsinje wonsewu popeza Apwitikizi anakhazikikako m'zaka za m'ma 1530, anapatsidwa timadontho tofanana ndi ta matauni omwe anabadwa dzulodzuloli, popanda chizindikiro chilichonse cha zaka zawo. Pa Tete anaika milatho iwiri, wa Samora Machel wa 1973 ndi wa Kassuende wa 2014, komanso migodi ya malasha ya ku Moatize, koma dzina la Nyungwe, lomwe eni dera amatchulira malowa ndiponso chilankhulo chawo, mulibe. Ichi ndi chilema cha mapu onsewa: maina a eni nthaka amaoneka pokhapokha ngati alendo oona malo anawazolowera kale. Mlatho wa njanji wa Dona Ana, pakati pa Sena ndi Mutarara, womwe unamangidwa m'zaka za m'ma 1930 ndipo ndi wotalika kuposa makilomita atatu ndi theka, anaujambula bwino ndi njanji zake zonse, yopita ku Beira, yopita ku Moatize ndi yokwera chakumpoto. Shire, mtsinje womwe umabweretsa madzi a nyanja ya Malawi m'Zambezi, anaudula pa Nsanje chifukwa pepala linathera pomwepo, ndipo palibe muvi kapena mawu osonyeza komwe ukuchokera. Pakona pali kamapu kakang'ono ka dera lonse lomwe madzi ake amathera m'Zambezi, dera la masikweya kilomita pafupifupi 1.4 miliyoni lokhudza maiko asanu ndi atatu, koma zilembo zake ndi zazing'ono kwambiri moti ndimachita kuziwerenga ndi galasi lokulitsira.

Kumatsiriro ndiko kuli cholakwa chomwe chingasokeretse wophunzira. Mtsinje ukadutsa mlatho wa Armando Guebuza pa Caia, wotsegulidwa mu 2009, umayamba kumwazikana m'nthambi zambiri pakati pa mabango ndi matope, ndipo nthambi zimenezi zimatsekeka ndi kutseguka malinga ndi mchenga. Mapuwa anazijambula ndi mizere yakuda yokhazikika ngati ngalande za simenti, ndipo buluu wotuwa uja, yemwe anagwira ntchito yotamandika ku Barotse, kuno sanamugwiritse ntchito n'komwe, ngakhale kuti madera a Mutarara, Caia, Mopeia ndi Marromeu ndi omwe amamira madzi akachuluka. Sananenenso kuti chimangireni madamu awiri aja kusefukira kwa chaka ndi chaka kunachepa ndipo matope ambiri amatsalira kumtunda, zomwe zasintha madambo a kumatsiriroko. Choipitsitsa n'chakuti dzina la Quelimane analilemba ndi zilembo zazikulu moyandikana kwambiri ndi nthambi ya kumpoto, moti munthu amaganiza kuti mzindawu uli pa Zambezi, pamene uli pa mtsinje wina, wa Bons Sinais. Chinde, yemwe alidi pa imodzi mwa nthambi za Zambezi, anamupatsa kadontho kosaoneka bwino, chikhalirecho kuyambira 1891 Angerezi anali ndi malo awo obwereka pa doko limeneli, pomwe katundu ndi anthu opita ku Nyasaland ankatsika m'sitima za panyanja n'kukwera za pamtsinje, mpaka njanji yochokera ku Beira itafika pa Zambezi mu 1922 n'kuyamba kulilanda ntchito.

Pa zing'onozing'ono, mndandanda wa maina uli kumbuyo ndi wokwanira ndipo manambala ake olozera amagwirizana ndi mabokosi a pa mapu. Ndinayesa maina makumi awiri mwachisawawa ndipo onse ndinawapeza pamalo pake. Chizindikiro cha kumpoto chimasintha malo pakati pa mbali ziwirizi, chifukwa anapendeketsa mbali yachiwiri kuti mtsinje ukwane pa pepala, ndipo amene sanachione amaganiza kuti Zambezi amayenda molunjika kum'mawa kuchokera ku Tete, pamene amapendekera kwambiri kum'mwera. Sikelo nayonso ndi yosiyana pa mbali ziwirizi, ndipo izi analemba ndi zilembo zazing'ono pansi pa mndandanda wa zizindikiro, pamene zikanayenera kulembedwa poonekera.

Kwa mphunzitsi kapena wophunzira amene akufuna kumvetsa momwe kutsika kwa nthaka ndi kusefukira kwa madzi zimasankhira pomwe tauni ikhale, mbali yoyamba ya mapuwa, makamaka kuchokera ku Ikelenge kufikira mathithi a Victoria, ndi yabwino kuposa mapu ena a Zambezi omwe ndinagwirapo. Kwa woyenda pamadzi sangathandize, chifukwa sasonyeza kuya kwa mtsinje kapena mchenga, ndipo okonza ake sanalonjeze zimenezo. Kwa amene chidwi chake chili kunsi kwa Tete, ndi bwino kufunafuna ena. Anga ali pakhoma, mbali yoyamba ili kunja, ndipo pakati pa nyanja ya Kariba pali mzere wofiira wa inki yanga ndi mawu oti Gwembe, omwe ndimawalembanso nthawi iliyonse wina akawafufuta ndi mkono wa malaya.